Mpando Wodzutsa Apongozi a Patson

Patson ndi msuweni wanga, ndiye pasapezeke wondiletsa kumunyoza. Umenewo ndi ufulu wanga wobadwa nawo. Ine ndine Mailesi, uja ankagulitsa nthochi pamsewu waukulu wopita ku Chipata, pafupi ndi pokhotera ku Mpanshya. Munthu ameneyu tinakulira limodzi ku Katete, tinabwera limodzi kuno ku Rufunsa kudzafuna malo olima, ndipo ndinamuona ndi maso angawa akulowa chikamwini kwa Harriet, mwana wa mayi Estina, amene tonse tinkawatcha amake Oswell.

Anthu ena amatchuka ndi ulimi, ena ndi mowa, ena ndi nkhonya. Msuweni wanga anatchuka ndi kuthawa apongozi. Tonse tikudziwa kuti mkamwini sayang'anana m'maso ndi apongozi ake aakazi, sadya nawo limodzi, ndipo sawakhudza. Akamwini anzeru mwambo umenewu amaugwira zolimba poyamba, ana akabadwa umayamba kufewa, mpaka tsiku lina umawapeza akukambirana za mvula, wina uku wina uko. Koma Patson anautenga ngati ntchito ya boma yokhala ndi penshoni.

Tsiku lina akuchokera kuchigayo pa njinga, anaona duku la apongozi likutulukira pakanjira kopapatiza. Mukuganiza kuti anagwira buleki? Anangokhotetsa njinga n'kulowa nayo m'tchire, iye ndi ufa womwe, gwaa m'chitedze! Anadzikanda mpaka khungu linachita mizeremizere, koma nkhani itamveka anasanduka ngwazi. Pamowa madoda ankamuloza n'kumati, "Mkamwini ndi uyo, enanu ndinu alendo chabe." Amayi akafuna kudzudzula akamwini awo ankangoti, "Kaoneni a Patson." Akamwini anzake ankadana naye chifukwa cha zimenezi, iye n'kumayenda chifuwa patsogolo ngati wavala mendulo.

Mwina mukufunsa kuti nanga anthu okhala pakhomo limodzi ankamvana bwanji. Anali ndi galu. Galuyo dzina lake Tilipo, wofiira, waulesi, wopanda ntchito ina iliyonse padziko lapansi koma yonyamula mauthenga. Patson ankaima chapatali atatembenukira kumbali n'kunena mokweza kuti, "Iwe Tilipo, kauze eni mudzi kuti mbuzi zalowa m'dimba." Amake Oswell, ali pamphasa pawo pomwepo, ankayankha kuti, "Tilipo, kawauze atate ake Misozi kuti tamva, koma mbuzizo n'zawo." Galu ali gone, ngakhale khutu osagwedeza. Misozi, mwana yekhayo wa Patson ndi Harriet, anabadwa, anakula mpaka kukakwatiwa ku Nyimba, atate ake ndi agogo akewa akulankhulanabe kudzera mwa agalu. Tilipo ameneyu anali wachitatu pa udindowo.

Zonsezi zinali zoseketsa mpaka pamene nyamakazi inabwera. Amake Oswell anali mayi wamphamvu, wosenza thumba la chimanga pamutu kwinaku akuyeserera nyimbo za kwaya. Koma chitangotha chilala chija tinadya chimanga chachikasu, mawondo awo anauma. Kuyenda ankayenda ndithu, pang'onopang'ono ndi ndodo, bola wina awaimiritse. Vuto linali kudzuka. Akakhala pamphasa ndiye kuti akhala, mpaka papezeke munthu wowagwira m'khwapa n'kuwanyamula.

Munthu wake anali Harriet yekha, ndipo Harriet sankaswera pakhomo. Zaka zimenezo chimanga chinalibe wogula wodalirika, feteleza wa ngongole anatha, ndipo chimene chinkadyetsa nyumba ija chinali beseni la Harriet pamsewu. M'mawa ankawasambitsa amayi ake, kuwakhazika pansi pa mtengo wa mango, kuwasiyira mbatata ndi kapu ya madzi, n'kubwera kudzandipeza ine kuti tikathamangire mabasi. Kubwerera kunali madzulo. Khomo lawo linali kwalokha kumunda, kutali ndi anansi, ndipo wotsala ndi nkhalambayo tsiku lonse anali Patson, akukonza njinga za anthu kuseri kwa nyumba.

Tinayesa kusinthanitsa, musaganize kuti tinali opusa. Tinati Harriet atsale pakhomo, Patson abwere kumsewu. Mayo ine! Basi itaima, ife tonse tili mbwee pamawindo, msuweni wanga anaika beseni pansi, ananyonyomala, n'kuyamba kuomba m'manja kupereka moni kwa mayi wina wachikulire amene anasuzumira pawindo. Pamene ankafika pofunsa za kunyumba, basi inali itafika kale kuphiri. Mbatata zinafota m'beseni, Harriet anabwerera pamalo pake.

Ndiye amake Oswell anapeza nzeru yawoyawo. Anaona kuti munthu akamwa madzi amafuna kupita kuchimbudzi, ndipo wopita kuchimbudzi amayamba wadzuka. Basi anasiya kumwa. Harriet akabwera madzulo ankapeza kapu ili tololo monga anaisiyira, iwo n'kumati analibe ludzu. Sanadandaule kwa munthu. Anangoyamba kufota, milomo kung'ambika, mpaka tsiku lina tinawapeza akutchula mayina a anthu amene anamwalira kalekale. Tinawakweza pangolo kupita nawo kuchipatala ku Mpanshya.

Kumeneko anawaika madzi a m'botolo, nzeru zinabwerera. Anesi ena achikulire anakhala pambali pa bedi n'kuwafunsa kuti, "Ambuya, matenda anu ndi ludzu basi. Bwanji simumwa madzi?"

Iwo anayankha motsitsa mawu kuti, "Ndikamwa andidzutse ndani, mwananga?"

Anesi aja analoza pawindo. Panja panaima Patson, chipewa m'manja, atafulatira chipatala chonse. "Nanga abambo awo alibe manja?"

"Ndi akamwini," anatero Harriet.

Anesi anapuma mozama, chifukwa nawonso anali ndi mkamwini kwawo. Anati, "Chabwino. Apezereni mpando wautali bwino, wolimba, wokhala ndi pogwira manja, woti akakhala mapazi azifika pansi. Pampando wotero angathe kudzikankha okha n'kudzuka. Koma auyese eni akewa musanausankhe. Ndipo ndikuuzeni mosabisa: akapitiriza kukana madzi, ulendo wina simudzabwerera nawo."

Mawu osavuta ngati amenewo, kalipentala aliyense wa pansi pa mtengo akanawamva. Koma nkhani inafika ku Lusaka kwa Oswell, mwana wawo woyamba. Ntchito imene Oswell ankagwira ku Lusaka palibe ankaidziwa. Tinkangodziwa kuti imafuna chikwama cha m'manja ndi magalasi akuda. Anabwera, anaitanitsa msonkhano wa banja wosankha mpando, amalume onse anafika. Anakhala pansi pa mango omwe aja, amuna pamipando, mwini nkhani ali pamphasa chakumapeto. Wina anati mpando ukhale ngati wa ahedi akusukulu. Wina anati ayi, mkazi sangakhale pamwamba amuna ali m'munsi, miyendo ya mpandowo ifupikitsidwe. Wina anakumbutsa kuti ukafupika ndiye kuti sadzuka, ndipo anamuuza kuti akhale chete chifukwa ndi wamng'ono. Akuluakulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma tsiku limenelo anthu anakangana za chitseko mpaka dzuwa kupendeka, osafunsa mwini mimba ngakhale liwu limodzi.

Potsiriza Oswell anavula magalasi. "Siyani zonsezo," anatero. "Amama anga sangakhale pa mpando wokhomedwa pansi pa mtengo ine ndili moyo. Anthu ku Lusaka angandiseke. Mpando ndibweretsa ine."

Ndipo anaubweretsa. Unabwera pamwamba pa basi, pakati pa matumba a zovala za salaula ndi njinga za anthu, utakulungidwa m'mapulasitiki. Pousitsa panafunika kondakitala, dalaivala ndi amuna onse amene anali pamsewu, ndipo ife ogulitsa tinasiya mabeseni n'kuulondola mpaka kunyumba ngati tikuperekeza mkwatibwi. Atauvundukula, anthu anangoti kukamwa yasa. Chinali chimpando chofiirira, chonenepa, chofewa ngati buledi wotentha. Oswell anati anachigula pa okushoni ya katundu wa mzungu wina amene ankabwerera kwawo, ndipo mtengo wake anauza munthu aliyense payekhapayekha, ngakhale amene sanafunse.

Anaima pakhonde n'kuyamba kuphunzitsa. "Uwu si mpando wamba. Mukaona, uli ndi mabatani awiri. Mukadina ili, umakugonekani. Mukadina ili, umadzuka wokha, n'kukunyamulani pang'onopang'ono mpaka mwaima. Manje apa sipafunikanso dzanja la munthu."

Munthu amene anakondwa koposa onse anali Patson. Anaomba m'manja mpaka zikhatho kufiira. "Alamu, mwatiombola!" ankatero. Ndinamuyang'ana n'kuona kuti chimene chaomboledwa ndi mendulo yake ija.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mpandowo unafika uli chigonere. Wogulitsa pa okushoni uja, poonetsa anthu luso lake, anaugoneka chagada, potsamira pali pansi, poika miyendo pali m'mwamba, n'kuuzula kumagetsi uli choncho. Oswell anadina batani lodzutsa. Zii. Anadinanso ndi chala chachikulu. Zii. Kenaka anawerama, anatola chingwe chakuda chimene chinkalendewera kumbuyo, n'kuyamba kuyang'ana khoma ladothi la nyumba ya amayi ake, uku ndi uku.

"Soketi ili kuti?" anafunsa.

Apa mtima wanga unakwera. "Iwe Oswell," ndinatero, "mchombo wako unakwiriridwa kuseri kwa nyumba yomweyi. Homuweki unkalembera pa koloboyi. Soketi unaisiya pati pochoka?"

Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. "Ba Mailesi, musade nkhawa. Malaiti akubwera. Pa kampeni analonjeza." Amalume onse anagwedeza mitu kuvomereza, chifukwa lonjezo limenelo analimva kambirimbiri moti linali ngati wachibale.

Popeza anabwera ndi wojambula, Oswell anati amayi ake akhalemo basi kuti chithunzi chipite ku Lusaka. Tinawanyamula, tinawaikamo. Kalanga ine! Mayi amene moyo wake wonse sanatambasule miyendo molunjika kwa mwamuna, anapezeka ali chagada, mapazi m'mwamba kuloza amalume, chitenje chikutsetsereka. Madoda onse anayamba kufufuza mitambo. Patson anathawira kuseri kwa nkhokwe. Nkhalamba inamira m'buledi muja, kungotsala duku ndi maso. Powatulutsa tinagwirizana ine, Harriet ndi mayi wina, kukoka ngati tikuzula chinangwa m'chilimwe. Chithunzi sichinajambulidwe, Oswell anangochisunga m'maganizo, anatsanzika, n'kukwera basi yamasana.

Mpando unakhala pakhonde uli chigonere, amake Oswell anabwerera pamphasa, kapu inayambanso kutsala yodzaza. Ndiye Patson anaganiza zochitapo kanthu. Kumsika wa ku Rufunsa kunali munthu wina woonetsa vidiyo, amene anali ndi jenereta. Msuweni wanga anabwereka ngolo, anakweza mpando, nane ndinakwera chifukwa zoterezi sindikonda kuuzidwa ndi anthu. Titafika, mwini vidiyo analumikiza chingwe, Patson anadina batani, ndipo chinthu chija chinalira ngati njuchi n'kuyamba kudzuka. Anthu anasiya filimu ya karate ili pakati n'kutulukira panja. Aliyense anafuna kukwera. Anakwera wogulitsa kapenta, anakwera wometa, anakwera ndi mkulu wa mpingo wina amene anatsika akuti zimenezi n'zizindikiro za masiku otsiriza.

Atatopa kusewera, funso linabuka. Kunyumba kulibe magetsi, ndiye mmene tiuzulire pano ndi mmene ukakhalire mpaka kalekale. Tiusiye utagona, utakhala, kapena utaima? Panabuka msonkhano wina, wa anthu amene amake Oswell sanawaonepo n'kamodzi komwe. Ine ndinati tiusiye pakati ngati mpando wa anthu. Anandiuza kuti izi ndi za makina, amayi adikire. Patson anakweza dzanja, anthu anakhala chete, iye n'kulankhula ngati woweruza.

"Abale, tiyeni tiganize. Kukhala pansi apongozi amatha okha, sanavutikepo. Chimene chikuwavuta ndi kudzuka. Ndiye tiusiye podzuka."

Anthu anaomba m'manja kuti koma ndiye nzeru. Anadina batani mpaka mpando unakwera, unakwera, unaweramira kutsogolo ngati ngolo yokhuthula mchenga, n'kuima pomwepo. Anazula chingwe, tinabwerera kunyumba msuweni wanga akuimba mluzu.

Madzulo ake Harriet anawaimiritsa amayi ake n'kuwatsamiritsa pampando paja. Anatsetsereka pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka anafika pansi. Anakonza duku, anayang'ana galu, n'kunena kuti, "Tilipo, kathokoze onse amene avutika. Poyamba unali mpando wa maliro, tsopano ndi wa asilikali. Wa ife okhala pansi ukadali m'njira."

Tikanabwerera nawo kumsika, koma jenereta ija inapsa masiku omwewo, ndipo mwini wake analumbira kuti akadzauonanso mpandowo adzautentha. Tikanapita kwa kalipentala monga ananenera anesi, koma amalume anakana: kugula mpando wina kukanakhala kunyoza Oswell, mwana amene wachita zazikulu. Oswell naye anatumiza mawu kuti pasapezeke wouchekacheka kapena kuugulitsa, malaiti ali pafupi. Choncho chimpando chinaima pakhonde chitawerama ngati chikupepesa, nkhuku ina n'kupeza poikira mazira pansi pake. Alendo akabwera ankayamba kukaona mpando, kenaka n'kupereka moni kwa mwini wake pamphasa.

Mwezi wa Okutobala unafika, uja umatentha mpaka phula la pamsewu kumata mapatapata. Harriet anayamba kulira pamsewu, misozi kugwera pa mbatata. Ankati, "Ba Mailesi, ndikakhala pakhomo tifa ndi njala, ndikabwera kuno amama afa ndi ludzu. Dzulo kapu ndinaipeza momwe ndinaisiyira, muli nyerere zokha." Ine zinandipweteka, ndipo zikandipweteka sindisunga. Ndinamupeza Patson akumata chubu, ndinamuuza kuti, "Iwe msuweni, ulemu wakowu udzapha munthu. Udzaima kumanda utafulatira bokosi, anthu akukuyamikira."

Anaika chubu pansi. "Ukufuna anthu anene chiyani za ine, Mailesi? Ine ndilibe ng'ombe, ndilibe sukulu, ndilibe chikwama ngati alamu. Chimene anthu amandidziwa nacho n'chimodzi chomwechi."

Ndinafuna kumutukwana, koma ananena zoona. Ndinachoka ndili ndi ukali ndi chisoni pamodzi.

Patapita masiku ochepa, basi ya amayi a mpingo opita kumsonkhano inagula nthochi zanga zonse dzuwa lisanafike pamutu. Harriet anali akadali ndi mbatata, ndiye anandipempha kuti popita kwathu ndidzere kwawo ndikawaone amayi ake. Ndinadzera kanjira ka kumunda kotulukira kuseri kwa nkhokwe, ndipo zimene ndinaona zinandiimitsa pomwepo, beseni lili pamutu.

Mthunzi wa mango unali utasuntha, kuwasiya amake Oswell padzuwa. Mutu unali utagwera pachifuwa, kapu pambali pawo ili yodzaza. Patson anali pabwalo atawafulatira monga mwa masiku onse, koma m'manja anagwira munsi, atauloza kumbuyo kwake, akuyenda chobwerera pang'onopang'ono kuti nsonga yake iwafike.

"Tilipo!" anaitana. "Tilipo, uza apongozi agwire munsiwu, ine ndikoke."

Tilipo kunalibe. Masiku amenewo kumudzi wapafupi kunali galu wamkazi, ndipo mthenga anali atapita kukafunsira. Patson anaitananso, analiza mluzu, koma kunali zii. Amake Oswell anadzutsa mutu, anayang'ana uku ndi uku kufuna galu woti amutume yankho, n'kupeza palibe. Komabe anatambasula manja n'kugwira munsi. Patson anakoka. Zala zawo zinalibe mphamvu. Zinatsetsereka, iwo n'kugwera chammbali, chigongono pansi. Sanalire. Anangotulutsa kampweya kochepa, ngati mwana wotopa.

Ndinatula beseni kuti ndithamange. Koma ndinaona msuweni wanga akuika munsi pansi, ndipo china chinandiuza kuti ndiime. Anakhala chiimire, thukuta likutsika pankhongo. Anayang'ana kumsewu, anayang'ana kumunda, ngati akufuna kuona ngati kuli mboni. Kenaka anatembenuka.

Anapita molunjika, anagwada pamphasa penipenipo, anawadzutsa kuti akhale tsonga, anatola kapu n'kuigwira ndi manja awiri. Mawu ake anatuluka opyapyala ngati a mnyamata. "Amama, imwani madzi. Mukafuna kudzuka, ndikudzutsani ine."

Nkhalamba inamuyang'ana. Inamuyang'ana kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano, mosafulumira, monga timayang'anira nsalu tisanagule. Kenaka milomo yong'ambika ija inamwetulira.

"Ha! Kodi muli ndi mpata m'mano?" anatero. "Zaka zonsezi ine ndimangodziwa nkhongo. Ndikanafa dzulo, kumwamba akanandifunsa kuti mwana wako anakwatiwa ndi yani, ndikanati ndi nkhongo ina yake ya ku Katete."

Anamwa. Anamwa kapu yonse osapumira, madzi ena akutsikira pachibwano. Atamaliza, Patson anawagwira m'khwapa monga ankachitira Harriet, anakunga mphamvu ngati akunyamula thumba la chimanga, ndipo anatsala pang'ono kugwa chagada chifukwa munthuyo analibe kulemera konse. Anaima atawagwira choncho, nkhope itasintha.

"Amama," anatero, "mwapepuka chonchi?"

"Nanga mumati ulemu umanenepetsa?" anayankha iwo. "Ndipatseni ndodo yanga."

Ine kuseri kwa nkhokwe ndinalira, sindibisa. Ndinalira ndi chisoni, ndinalira ndi ukali wa miyezi yonse ija, komanso ndinaseka, zonse nthawi imodzi, chitenje chili kukamwa kuti asandimve. Patson anawaperekeza mpaka pafupi ndi chimbudzi, anadikira chapatali, anawabweza, anakokera mphasa pamthunzi, n'kupita kumtsuko kukatunga kapu ina.

Nkhani inamveka dera lonse, ndipo musandiyang'ane choncho, ine ndinangouza anthu awiri atatu. Mendulo inagwa tsiku lomwelo. Amayi anasiya kunena kuti "kaoneni a Patson," ena mpaka ankati ankadziwa kale kuti ulemu wochuluka chotere uli ndi mapeto oipa. Amalume anakhalanso pansi pa mango, anaweruza kuti mwambo waphwanyidwa, mkamwini apereke nkhuku kwa apongozi. Anagwira yomwe ija inkaikira pansi pa mpando, ndipo amake Oswell anaidya okha, msuzi n'kumwera. Tilipo atabwerako ku ulendo wake anapeza ntchito yatha, ngati anzake a m'makampani zaka zimenezo, popanda ngakhale chiphaso. Oswell atamva anati n'zomvetsa chisoni kuti anthu akumudzi sadziwa kudikira chitukuko. Mpando wake unakhalabe pakhonde, ukudikira malaiti.

Amake Oswell anabwerera thupi. Mawondo sanachire, koma mawu anabwerera, moti ukamadutsa kumunda unkamva akuitana, "Atate ake Misozi!" ndipo sipanala inkagwa pansi, munthu n'kutulukira kuseri kwa nyumba nkhope ili patsogolo.

Tsiku lina kunali mowa wa dima kwa anansi, ndipo ine ndinalipo. Madoda atakhuta, mmodzi mwa aja ankamuloza kale anayamba kumuseka. "A Patson, paja inu munali mkamwini wa akamwini. Tinkaphunzitsira ana pa inu. Lero mwasanduka ndodo ya apongozi?" Anthu anaseka, ena mpaka kugwetsa zipanda. Ndinakonzeka kumuyankhira, chifukwa msuweni wanga ndimanyoza ndine ndekha.

Koma iye sanakwiye. Anakweza maso kuyang'ana dzuwa, anapereka chipanda chake chikadali ndi mowa kwa amene anakhala naye pafupi, n'kutola chipewa.

"Pepani madoda, ndikusiyani," anatero. "Amama akhala atamaliza kapu yachiwiri."